Chaka Chimene Ng'anjo Inakana Kuyaka

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo kanthu, pakuti ndinaweta mbuzi ndi kukumba mbewa monga anzanga onse. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ntchito yanga moyo wonse inali imodzi, kusonkha moto wa eni ake, ndipo mutu uno ndaulembera makamaka iwe Misozi, mwana wanga woyamba, amene unakulira kuchikazi ndipo umandidziwa ngati mlendo wobwera kamodzi pachaka. Pali bodza limene ndinanena uli ndi masiku khumi ndi atatu. Ndalisenza mpaka imvi, ndipo sindifuna kukalowa nalo m'manda.

1914

Ntchito yoyamba ndinaipeza pamunda wa fodya wa mzungu wina cha ku Sinda. Tinkamutcha Kamphuno, chifukwa chilichonse ankayamba wachinunkhiza, kaya ndi tsamba, kaya ndi munthu wofuna ntchito. Ine atandinunkhiza anandiika ku mabalani, nyumba zazitali za njerwa zoumitsiramo fodya. Moto wa balani umakhala kunja, m'ng'anjo. Kutentha kumayenda m'mipope yachitsulo m'kati mwa nyumba, utsi n'kukatulukira ku chumuni osakhudza tsamba ndi limodzi lomwe. Kamphuno sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ukachulutsa nkhuni fodya n'kuda, mbama. Ukachepetsa fodya n'kuvunda, mbamanso. Mbama zimenezo n'zimene zinandiphunzitsa kuti moto umafuna zinthu zitatu, chakudya chouma, mpweya ndi njira yotulukira, ndipo ukakana kuyaka ndiye kuti chimodzi mwa zitatuzi waumana.

Zaka za nkhondo zinthu zinasowa kwambiri. Machesi anali a bwana yekha, ife tinkapala moto ndi phale kuchoka pa balani ina kupita pa ina. Mipope ikabooka ndi dzimbiri tinkaimata ndi dothi la pachulu, popeza yatsopano sinkabwera. Ndinakhala pamenepo zaka zisanu, ndipo ndinafika podziwa kutentha kwa balani pongoyandikitsa tsaya kukhoma, osalowa n'kulowa komwe. Ndivomere, ndinayamba kudzimva. Ndinkati za moto palibe angandiuze kanthu.

1919

Chaka cham'mbuyo mwake mbusa wina wachizungu, wa mishoni yaing'ono ya kumapiri a Vubwi, anali atabwera kudzaona mabalani athu. Anali wamtali, woonda, wotsokomola kosaleka, ndipo anthu ake ankamutcha Bwana Chifuwa. Kuzizira kwa Juni kunkamupweteka, koma akaotha moto wa m'nyumba utsi unkamutseka pakhosi. Ataona kutentha kopanda utsi anajambula pakapepala n'kupita. Tsopano anatumiza kalata yopempha munthu wodziwa ng'anjo, ndipo Kamphuno anandipereka monga mmene munthu amabwereketsera khasu. Ine sanandifunse.

Ndinapeza zonse zitamangidwa kale ndi amisiri a kutsidya kwa malire. Popeza mipope kunalibe, anamanga ngalande ya njerwa pansi pa zipinda zitatu, n'kuivindikira ndi miyala yaphaphathi. Ng'anjo inali kum'mawa kwa nyumba, pafupi ndi khitchini, ndipo chumuni chinali kumadzulo, kuseri kwa chipinda chogona. Moto ukayaka bwino utsi unkayenda m'ngalandemo, pansi ponse n'kufunda, bwana n'kumayenda chosavala nsapato akuwerenga buku. Kuseri kwa kumadzulo kuja ife amuna antchito sitinkaloledwa kupondako, chifukwa kunali zenera la Dona ndi bafa lake. Dona ameneyu, mkazi wa bwana, ndiye ankasamala odwala pamishoni, ndipo tinkamutcha Kasingano.

Moto woyamba wa chaka bwana ankafuna akhalepo mwini wake. Chisanu chikayamba ankandiuza kuti ndiyale nkhuni ndidikire, iye n'kupana mapepala kukhwapa, n'kuzungulira kuseri. Pakapita kanthawi ndinkamva mawu ake, "Yatsa!" Ndikayatsa, utsi unkalowa m'ngalande mosanyinyirika, moto n'kuyamba kulira. Pobwera, mawondo a buluku lake ankakhala ndi dothi. Ndinafunsa a Zakeyu, amene anali khukhi wa nyumbayo, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumidima. Munthu ndi mbusa, wanyamula mapepala, wabwera ndi dothi m'mawondo, ungafunsenso kuti amakatani? Amakapemphera. Ndinakhulupirira, ndipo ndinaona kuti n'zoyenera ndithu. Moto ukayaka choncho sunkazimanso mpaka Ogasiti, ndipo kuusunga ndiyo inali ntchito yanga.

Kanyumba kanga kanali pafupi ndi ng'anjo, kutali ndi nyumba za anzanga. Dzuwa likapendeka iwo ankapita kumidzi kwa akazi awo, ine n'kutsala ndi milu ya nkhuni. Pa Sabata onse ankapita kutchalitchi, ine ndinkamvera nyimbo chapatali, popeza moto sudziwa Sabata. Anthu a kumeneko sanali oipa, koma aliyense anali ndi maliro ake, zinamwali zake, milandu yake, ndipo wobwera ankangopatsidwa moni basi. Ndinasungulumwa, ana anga, mpaka ndinayamba kulankhula ndi ng'anjo ija. M'mawa ndinkaifunsa ngati yadzuka bwino, ikachita ulesi ndinkaikalipira.

1921

Amayi ako, Misozi, ndinawapeza pamudzi wina cha ku Mkaika, nditatumidwa ndi makalata nyengo yotentha pamene ng'anjo inkapuma. Anali Anaphiri, wamfupi, wachangu, woseka ndi maso. Mwambo unkati ine ndikakhale kwao pachikamwini, koma ntchito inali ku Vubwi, ulendo wa masiku atatu. Ndiye ndinakapempha chitengwa kwa amalume awo, a Chimwala, amene anali mwini mbumba. Sanali munthu waukali. Ankalankhula motsitsa, akupota chingwe cha luzi pantchafu, ndipo anandizunguza miyezi inayi asanayankhe. Pomaliza anati, "Akamwini, munthuyu tikukubwerekani, sitikukupatsani. Ana akabadwa ndi athu, mukudziwa." Ndinavomera msangamsanga, pakuti wosungulumwa savuta kuvomera.

Anaphiri sankapirira mng'alu kapena bowo pakhoma. Akaona kabowo ngakhale ka nyerere ankayamba kukanda dothi nthawi yomweyo, ati mabowo ndi makomo a njoka. Kanyumba kanga ka phulusa kaja anakamata n'kukazira mpaka kanasanduka nyumba ya munthu. Ndipo anali ndi chizolowezi chawo: pamene ntchito yathera ankadutsitsa zala zitatu padothi lonyowa, n'kusiya mizere itatu yokhotakhota, pamalo amodzi okha. Ndikawaseka ankati inu mumalemba dzina lanu papepala, ine ndilembe pati? Masiku amenewo ndinaleka kulankhula ndi ng'anjo.

1923

Mu Epulo chifuwa cha bwana chinakula, ndipo anamunyamula pamachira kupita kwao kumwera kuti akachire. Dona anatsala ndi odwala ake. Mvula ya chaka chimenecho inali itakokolola m'munsi mwa makoma a nyumba yaikulu, ndipo Dona, amene anali ataona mmene kanyumba kathu kankaonekera, anapempha Anaphiri kuti amate kuzungulira konse. Akazi ankaloledwa kupita kuseri. Anaigwira ntchitoyo mu Meyi ali ndi pakati pako, akupuma pafupipafupi. Tsiku limene anamaliza anabwera akusimba zambiri za ntchito yawo, ine n'kumangoti eya, eya, maso ali pankhwangwa imene ndinkanola.

Unabadwa kuchiyambi kwa Juni, miyezi isanakwane. Amayi ako anakuona, anakuyamwitsa masiku awiri, lachitatu anatisiya. Sindilemba zambiri pamenepa, dzanja likukana. Tinawaika pamanda a pamishoni popeza kwao kunali kutali, ndipo a Chimwala anafika dothi litauma kale pamtumbira. Sananditukwane. Bola akananditukwana. Anangoti anabwereketsa munthu, abwezeredwa uthenga, ndipo tsopano adzatenga chotsala, ndiye iweyo. Nsalu za malemu, mikanda ndi miphika anazimanga mumtolo kuti zibwerere kwao, kanyumba kathu n'kukagwetsa monga timachitira ndi nyumba ya womwalira. Ine ndinasamukira m'chisakasa cha nkhuni.

Unali kakang'ono kokwana m'chipewa. Dona anakutengera m'nyumba yaikulu n'kumakudonthezera mkaka wa mbuzi ndi kansalu. Ananena mosabisa kuti thupi lako silikutha kusunga kutentha, ndipo ukangozizidwa kwambiri, basi. Sabata imeneyo chisanu chinabwera ndi ukali. M'mawa udzu wa kudambo unkayera, mphepo ya mwera n'kumalowa ndi pansi pa chitseko. Anayesa mbaula ya makala, koma mpweya wake unakudetsa milomo. Ankakufungatira pachifuwa, koma odwala nawo ankamudikira pakhonde. Ndiye anandiitana n'kundiuza kuti ndiyatse ng'anjo tsiku lomwelo, bwana kulibe koma ine ndilipo.

A Chimwala anali pomwepo. Anati kumudzi kuli mbale woyamwitsa amene angakulandire. Dona anawayankha kuti ulendo wa masiku atatu m'chisanu chotere sungafike nawo ngakhale pakati. A Chimwala anapota chingwe chawo kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine. "Akamwini, nyumbayi ikafunda mawa dzuwa lisanalowe, mwana atsala mpaka ayambe kuyenda. Ikapanda kufunda, mkuja m'mawa ndinyamuka naye. Ngati n'kufa, akafere pamsana pa abale ake, osati pamwala wozizira wa alendo." Ndinadziwa kuti sakunena mwachipongwe, ndipo ndinadziwanso kuti Dona akunena zoona za ulendowo. Koma sindinade nkhawa. Za moto ndani akanandiuza?

Ndinayala nkhuni za mtondo zimene ndinawaza chaka chatha, ndinaika tsekera ndi zitsononkho pansi, ndinayatsa. Moto unagwira bwinobwino, koma utsi m'malo molowa m'ngalande unabwerera n'kundimenya kumaso. Nditatseka chitseko cha ng'anjo moto unafa. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzi. Ndinayamba ndi chakudya. Ndinang'amba chikuni n'kuchikhudzitsa patsaya, chouma gwa. Ndinapita ku mpweya, ndinakokola phulusa lonse n'kutokosa timabowo ta pachitseko ndi msomali. Kunatsala njira. Ndinakwera padenga ndi mwala womangirira kuchingwe, ndipo kukamwa kwa chumuni ndinapeza chisa cha mavu. Anandiluma kawiri pakhosi koma ndinaseka, ndinati wakuba ndamugwira. Ndinachichotsa ndi ndodo, mwala unatsika mpaka pansi osakodwa paliponse. Ndinatsika padenga ndikuimba mluzu, ndinayatsa, utsi n'kubwereranso kumaso kwanga.

Ndinalumikiza nsungwi zinayi n'kuzilowetsa m'ngalande. Zinabwera ndi mwaye wonyowa, wozizira, koma chotseka panalibe. Masana ndinathamangira kwa wosula makasu kukabwereka mvukuto, ndinati ngati utsi sukufuna kuyenda wokha ndiukankha. Unayendadi, koma unakatulukira m'ming'alu ya pansi m'chipinda chapakati, Dona n'kutuluka nawe chothamanga, ukutsokomola kamawu konga ka mwana wa mphaka. Njira inali yotsegula, nkhuni zouma, mpweya ulipo, ndipo nzeru zanga zonse za kwa Kamphuno zinathera pomwepo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

A Zakeyu anabwera atapinda manja kumbuyo. Anati vuto si ng'anjo, vuto ndine: namfedwa asanametedwe sayatsa moto watsopano, manja ake amakhala ozizira. Ndinangowapatsa machesi. Anayatsa okha, utsi n'kuwathamangitsa mpaka kukhitchini akupukuta misozi. Ndinkayesa nkhani yatha, koma inangotembenuka. Pofika madzulo akazi obwera ndi odwala ankanong'onezana kuti amene watseka moto ndi malemu, akufuna mwana wawo awatsatire, ndipo zotere munthu salimbana nazo. A Chimwala anamva zimenezi atakhala pachitsa, ndipo ndinaona chingwe chitaima m'manja mwao. Ndinadziwa kuti akangokhulupirira zimenezo, ngakhale nyumba itafunda sakusiya, akutengera kumudzi kuti akapepese mzimu, ndipo njira ija ikupha.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Dona anandiuza kuti wangomeza madontho ochepa ndipo mapazi ako akuzizira. Ndinakhala pamulu wa nkhuni n'kumawerenga m'mutu zonse zimene tinkachita ndi bwana chaka ndi chaka. Chinatsala chimodzi chokha chimene iye ankachita ine osachita, pemphero lija. Pang'anjo ndinali nditapemphera kale kangapo, koma ndinaganiza kuti mwina limagwira pamalo pake pomwepo. Musaseke, ana anga, ndinali nditagwira njakata. Ndinapempha Dona kuti ndipite kuseri, iye anangokupiza dzanja kuti pita.

Aka kanali koyamba kupondako m'zaka zinayi. Ndinagwada patsinde pa chumuni, ndipo nditadzutsa maso ndinaona mizere itatu yokhotakhota pakhoma, pamaso panga penipeni. Apa ndi pamene amayi ako anamalizira ntchito. Pemphero linathawa. Ndinalira kulira kumene sindinalire kumanda, chifukwa kumanda kunali anthu. Ndinaika zala zanga m'mizeremo koma sizinakwane, zinali zazikulu.

Nditaweramitsa mutu ndinaona tizidutswa ta pepala lopserera m'dothi, ndi timitengo ta machesi takalekale. Munthu wopemphera amatentheranji pepala? Ndinayang'ananso khoma lija. Pamwamba pa dothi latsopano, pamene amayi ako sanafike, njerwa zinali zakuda ndi mwaye, ngati pamene lawi linkanyambita. Ndinagogoda ndi chala, apa gwa, apo gwa, koma pamizere panamveka mphako. Ndipo mawu a amayi ako aja amene sindinawatchere khutu ndikunola nkhwangwa anabwera okha. Anati kuseri apeza njerwa yogwedera, kumbuyo kwake kuli bowo lolowa njoka, ndiye aibwezera n'kuimata bwinobwino kuti Dona asadzalumidwe. Ine ndinayankha kuti mwachita bwino.

Pamenepo ndi pamene mutu wanga unatseguka. Bwana sankapemphera, kapena ngati ankapemphera ndiye ankatero akuyatsa mapepala. Ngalande yaitali ikagona miyezi yonse ya dzuwa ndi ya mvula imadzaza mpweya wozizira, wolemera, umene utsi wa ng'anjo sungaukankhe. Bwana ankachotsa njerwa ija n'kuyatsa kamoto patsinde pa chumuni. Chumuni chikafunda chimayamba kukoka, ndiye ankabwezera njerwa n'kufuula kuti yatsa. Kamoto koitana, basi. Zaka zonsezo ndinkaona dothi m'mawondo mwake, ndipo ndinafunsa khukhi m'malo mofunsa mwini mawondo.

Kuti ndifike panjerwayo ndinayenera kuswa ntchito yomaliza ya manja a amayi ako. Mtolo unali utamangidwa, kanyumba kali pansi, ndipo pa dziko lonse lapansi chimene chinanditsalira ndi mizere itatu imeneyo. Ndinakhala nthawi mpeni uli m'manja. Kenako pazenera ndinamva kulira kwako, kofooka, kodukaduka. Ndinazungulira mizere ndi nsonga ya mpeni pang'onopang'ono. Chidutswa chachikulu ngati chikhatho chinachoka chathunthu, zina zonse zinanyenyeka, ndipo chathunthucho ndinachibisa m'malaya. Ndinasolola njerwa, ndinaponya udzu wouma m'bowomo, ndinayatsa. Lawi linayamba latulukira kunja, linazengereza, kenako linatembenuka n'kuloza kumwamba, chumuni n'kuyamba kulira huu. Ndinaonjezera udzu kawiri, ndinabwezera njerwa, ndinathamanga kuzungulira nyumba. Panalibe wondifuulira kuti yatsa, ndinadziuza ndekha. Utsi unaima pakamwa pa ng'anjo ngati ukuganiza, kenako unawerama n'kulowa.

Dzuwa lisanapendeke pansi panali patafunda. Dona anaitana a Chimwala kuti alowe. Iwo anakhala pansi, anaika chikhatho pamwala, kenako anagona chammbali n'kuikapo tsaya. Iwe unali m'kabokosi pansi pomwepo, ndipo unayamwa kansalu kako mpaka tulo. Atatuluka, anthu onse anakhamukira kuseri kukaona chimene chinatseka moto, lamulo lija litaiwalika tsiku limenelo. Ndinawaonetsa njerwa n'kulongosola za kamoto koitana. Ndiye a Zakeyu, amene pakamwa pao sipankagona kanthu, anafunsa mokweza, "Nanga si Anaphiri anamata kuno?"

Akazi aja anayang'anizana, ndipo a Chimwala anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana ine. Ndikanati inde, aliyense akanati tinanena, malemu anatseka moto ndi manja awo asanapite. Ndiye ndinati, "Anamata kwina konse, koma pano asanafike anatopa ndi mimba. Ndinazembera kuno Dona ali kwa odwala, ndinamaliza ndine. Njerwayi ndinaimata ndine."

Anthu anayamba kuseka, woyamba a Zakeyu. Mwamuna wandevu kukanda dothi ngati mkazi, kuseri koletsedwa, n'kutseka ng'anjo yake yomwe! A Chimwala sanaseke. Anawerama, anatola kachidutswa ka dothi, anakatembenuza, n'kukafikisa ndi zala mpaka kanasanduka fumbi. Kenako anati ngati ndi kupusa kwa mkamwini ndiye si mzimu, mwana atsale. M'mawa mwake anandimeta, anasenza mtolo wawo, anapita okha.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pamishoni linali Anadothi, ndipo akazi akamamata nyumba ankandiitana kuti ndikawaphunzitse. Bwana anabwera mu Seputembala, anamva nkhaniyo, anandilalatira pamaso pa anthu chifukwa chopita kuseri. Nditamufunsa chifukwa chake sanandiuze za njerwa ija, anadabwa n'kunena kuti sindinamufunse. Safunsa anadya phula, akuluakulu anatero, ndipo phula ndinadyadi. Koma ine ndimati wosauza naye ali ndi mlandu wake. Aliyense amene ndinamuphunzitsa ntchito pambuyo pake, tsiku loyamba ndinkayamba ndamuonetsa kuseri.

1925

A Chimwala anabweranso chisanu chikuyamba, ali ndi mayi wina wodzakubereka kumsana. Unali utayamba kuyenda, ndipo unkakonda kunditsatira kung'anjo utanyamula kamtengo kamodzi, ati ukuthandiza. Dona anafuna kukana, ine ndinamuletsa. Munthu uja anasunga mawu ake pamene akanatha kuwaswa, ndiye ine ndikanaswa anga bwanji? Ndinakuperekezani mpaka pamtsinje. Mayi uja atawoloka nawe, a Chimwala anatsalira pang'ono n'kunena motsitsa monga mwa nthawi zonse, "Akamwini, kadothi kaja ndinakaona. Chala chimene chinadutsa pamenepo sichinali cha mwamuna." Anati mbumba yawo ankaidziwa manja ake, ndipo ngati ine ndinatha kunama kuti mwana akhale moyo, iwonso anatha kukhala chete. Anakwinya nsalu yawo n'kulowa m'madzi. Iwe unali utagona kumsana, sunacheuke.

Ndinabwerera ndekha, ndinapeza moto watsala pang'ono kuzima. Ndinaponya zikuni ziwiri n'kuiuza ng'anjo kuti tatsalanso awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi zinapita ndisanakwatire amayi a enanu, ndipo za zaka zimenezo ndilibe cholemba, kunali nkhuni ndi phulusa.

Misozi, ndikudziwa zimene unamva pokula, kuti atate ako anatsala pang'ono kukupha ndi kupusa kwao. Unandifunsa kamodzi uli mtsikana, ine sindinakane, chifukwa amene ankanong'ona za mzimu anali akadali moyo ndipo sindinafune kuti ukule ukuopa amayi ako. Lero onse anapita, ndatsala ndine. Amayi ako sanakuitane kumanda. Anaona bowo, anaopa njoka, analitseka, monga akanachitira m'nyumba mwako lero akanakhalapo.

Pansi pa bokosi langa pali chitini cha tiyi, m'kati mwake muli chidutswa chija chokulungidwa m'kansalu. Ndikadzapita, abale ako atenge mpando ndi nkhwangwa, chitinicho n'chako. Usadzachitsegule pagulu. Udzakhale pansi wekha, uike zala zako zitatu m'mizeremo. Zanga zinakana, koma tsiku la ukwati wako ndinayang'anitsitsa manja ako pamene unkalandira mphatso, ndipo ndikudziwa kuti zako zidzakwana.